Ndakwecha nkhope ya mfumu ya Aroma

Abale anga, sabata ino ndagwira ndalama imene anthu ankagulira buledi ku Roma wakale, ndipo mpaka pano chimwemwe sichikundithera!

Lamlungu ndinapita kukawongola miyendo ku Dún Laoghaire, tauni ya m'mbali mwa nyanja kuno ku ulaya. Kumeneko ndinapeza mkulu wina akugulitsa tindalama tamkuwa ta Aroma, takuda bii, tobiriwira ngati ndere. Ndinagula tiwiri.

Ine ndine mwana wa mayi anga. Kwathu poto wosawala ndi manyazi a banja lonse. Ndiye nditangofika kumene ndimakhala ku Rathmines ndinatenga sitiliwulu ndi ndimu, n'kukwecha kandalama kamodzi mpaka kuwala kuti mbee. Monyadira ndinakagogoda kwa a Mulenga, anesi a ku Zambia okhala chipinda chapansi, amene atolera ndalama zotere kwa zaka zambiri.

Anayang'ana kandalamako, kenako anandiyang'ana ine.

"Imwe a Phiri, mwachita chani? Ija green ndiye skin yake! Emperor mwamuchotsa face."

Zoonadi, panalibenso mphuno, diso kapena chilembo. Munthu wapirira m'nthaka zaka mazanamazana, ine n'kumumaliza madzi a tiyi asanawire. Zinandiwawa kwambiri.

Kachiwiriko a Mulenga anandilangiza: ndikaviike m'madzi, m'mawa uliwonse ndizikatokosa pang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, basi. Lachinayi kuseri kwake kunatuluka asilikali awiri atagwira mikondo. Lachisanu, mutu wa mfumu. Dzulo zilembo zinayamba kuoneka: CONSTAN. Ndinatsika masitepe opanda nsapato, ndikukuwa ngati tagoletsa chigoli.

"Musathamange," anatero a Mulenga akuseka. "Ma emperor a dzina yoyamba so ni ambiri, tate na bana bake. Dzina yonse ili pansi pa doti yasala."

Koma kodi si mmene timachitira ndi zakale zathu zonse? Tchalitchi chanjerwa chimene anamanga makolo timachipaka penti wonyezimira. Chithunzi cha ukwati wa bambo ndi mayi timachisalaza pa foni mpaka bambo kusanduka munthu wachilendo. Tikatero timati takonza. Inu, chimene munawalitsa kwanu chija, mwini wake akuonekabe?

Dothi limene latsala pa kandalama kanga silikukwana njere ya mpunga, ndipo dzina la mfumu lili pansi pake. Dzanja likundiyabwa, sindinama. Koma ndidikira, kaya mpaka mwezi wamawa. Ndapha kale mfumu imodzi.