Tsiku limene ndinapempherera mphaka

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinayesa kutulutsa chiwanda mwa mphaka wathu. Tinkakhala ku Chelstone, ine ndi amayi, ndipo mphakayo anali Shuga, wotuwa, wa banga loyera pakhosi. Amayi anamubweretsa kuti azigwira makoswe, koma ine ndinamusandutsa mnzanga. Kukazizira mu Juni ankadzipinda kumapazi anga mpaka kutacha.

Anali wofatsa, koma akangoona mbalame ankasintha. Mimba pansi, makutu kutsogolo, nsonga ya mchira yokha ikugwedera, chibwano chikunjenjemera. Ndikamuitana pa nthawi yotere, sankandidziwa n'komwe.

Mbalamezo zinkachokera kwa aneba athu, ba Chileshe, bambo wachikulire wa ku Mansa amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Chimwalirireni akazi awo, ankaikira mbalame madzi m'chivindikiro cha poto ndi kuzisiyira mapapaya akupsa mumtengo. Chaka chimenecho apumbwa awiri anamanga chisa mumpanda wa maluwa umene unkalekanitsa nyumba zathu, ndipo ba Chileshe anandiimika pampando kuti ndione tiana titatu titayasamula kukamwa.

Loweruka lina m'mawa ndikutsuka makapu, Shuga analowa m'khitchini n'kuika kanthu pamapazi anga. Kanali kamwana ka pumbwa, kadakali kofunda, nthenga zisanamere bwino. Iye anakhala pansi n'kundiyang'ana monyada, akudikira kuti ndimuyamike. Ndinakuwa.

Amayi anakwiya, koma chachikulu chinali manyazi. "Ba Chileshe bazatiganizila bwanji?" anatero. "Uyu pusi azayenda kufamu ku Chongwe. Ba ankolo bako bakabwela, bazamutenga."

Ndinaganiza kuti mwina ndi njala, choncho ndinamupatsa kapenta wanga yense wa nkhomaliro. Anadya, anadzinyambita, n'kubwereranso kukabisala pansi pa mpanda. Apo ndinatsimikiza kuti vuto lake linali lauzimu. Kutchalitchi kwathu ndinkaona abusa akusanjika manja anthu ovutika, ndipo ndinkadziwa mmene zimachitikira. Ndinamugwira kuseri kwa nyumba, ndinamudzoza mafuta ophikira pamphumi, ndinatsinzina, n'kufuula, "Iwe mzimu opaya tunyoni, choka! Choka manje manje!"

Shuga anandikanda padzanja, anadumpha, n'kukakhala poteropo akupukuta mafutawo ndi phazi n'kumanyambita.

Ndinamva wina akutsokomola kuseri kwa mpanda. Anali ba Chileshe, akuyesa kubisa kuseka koma mapewa akuwagwedezeka.

"Shani, ba pasita?" anandifunsa m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti zili bwanji abusa. "Chachoka?"

Ine ndinangoyamba kulira. Ndinawauza kuti Shuga wapha kambalame kawo, ndiponso kuti akupita kufamu. Anasiya kuseka. Anati anali ataona kale kuti m'chisa mwatsala tiwiri.

"Chinanibaba, mwana wanga," anatero, kutanthauza kuti zinawapweteka. "Koma pusi alibe chibanda. Wamene anapanga kanyoni ndiye anapanga na pusi. Iwe ukonda Shuga ogona pa bedi. Uyu osakila naye ni Shuga."

Madzulo a tsikulo anabwera kwathu atavala jekete, ngati akudzakamba nkhani ya maliro kapena ukwati. Amayi anayamba kupepesa asanakhale n'komwe, koma iwo anakweza dzanja. Anati sanabwere kudzadandaula, abwera kudzapempha kuti mphaka asachoke. Tiana totsalato tinali pafupi kuuluka. Ngati Shuga angamakhale m'nyumba m'mawa ndi madzulo, nthawi imene makolo a tianato amatidyetsa kwambiri, mwina tingapulumuke. Amayi anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ntchito imeneyo ndi yanga.

Sinali ntchito yopepuka. Shuga ankalira pachitseko ngati khanda, anang'amba katani ya pabalaza, ndipo tsiku lina anatulukira pawindo la kubafa, ine n'kumuthamangitsa wopanda nsapato pa udzu wozizira, yunifolomu nditavala theka. Ndikamubweza, ankakwera pawindo n'kumayang'ana mpanda uja, chibwano chili njenjenje. Ndinasiya kumukalipira. Ndinkangokhala pambali pake, tonse tikuyang'ana mbalame zomwezo, aliyense ndi zolinga zake.

M'mawa wina ndinamva ba Chileshe akundiitana, "Tisa, bwela uone!" Ndinatuluka nditamukumbatira Shuga pachifuwa. Tiana tiwiri tija tinali pa waya wa magetsi, timichira tifupitifupi, tikupendama ngati tigwa, makolo awo akuchita phokoso mumtengo wa papaya. Ba Chileshe anaima manja ali kumbuyo, akumwetulira. Ndinkamva mtima wa Shuga ukugunda mofulumira m'manja mwanga, zikhadabo zikulowa m'juzi. Maso ake anali pawaya pomwepo. Sanasinthe ngakhale pang'ono, ndipo ndinamugwira mwamphamvu.

Amalume atabwera, anamwa tiyi n'kubwerera okha. Za mphaka amayi sanazitchule.

Shuga anakalambira pakhomo pathu. Zaka zina zisa zinkapulumuka, zaka zina mphakayo ankatipambana nzeru, ndipo ndinkakwirira kambalame ndikulira, madzulo ake n'kumupatsa chakudya monga mwa masiku onse. Panopa ndili ndi banja langa ku Woodlands, ndipo ndakhala ndi anthu okwanira kuti ndidziwe kuti aliyense amene ndimamukonda ali ndi mbali imene sindinaisankhe. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ukakonda chinthu, chimasiya zimene iwe umadana nazo. Sichisiya. Umangochidziwa bwino, n'kumadzuka msanga kuti chisapweteke wina.