Chidole cha Mng'ono Wanga Chikalapa Mawa

Loweluka, mwezi wa Julayi. Ndadzuka khosi likuwawa chifukwa ndagonela chidole. Ndinachibisa pansi pa pilo kuti ankhazi, mlongo wamkulu wa adada, asachiponye m'chimbudzi.

Chidolechi ndi cha mng'ono wanga, amene sanayambe sukulu. Amama anachipeza chaka chatha pa salaula, pogulitsa zovala zakale, kumsika wa kuboma, chitakwilikika m'mulu wa nsapato. Chili ndi tsitsi la pepo, nsidze imodzi inakwela m'mwamba, ndipo dzanja lamanzele kulibe. Mwini wake sanaonepo vuto. Amachibeleka ndi kachitenje, amachisambitsa m'beseni, amachidyetsa phala la dothi, ndipo chikakana kudya amachikalipila ndi mawu enieni a amama.

Mavuto anabwela ndi tivi. Adada atagulitsa fodya anagula sola ndi kadishi, ndipo chakumadzulo ana a nyumba zonse amadzaza pakhonde pathu kuonela katuni ya zidole zolankhula. Zidole zabwino zimakhala m'nyumba ya pinki, ntchito yake kupesana tsitsi ndi kuimba. Tsiku lina kunatulukila mdani wawo, akuuluka pa chimakina, akuseka moipa. Tsitsi la pepo. Nsidze imodzi m'mwamba. Mitu yonse pakhonde inatembenukila kumsana kwa mng'ono wanga.

"Wabeleka mfiti!" anakuwa mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe.

"Si ameneyo," anayankha mng'ono wanga. "Wanga alibe dzanja."

"Ndiye kuti anamugwila akuba n'kumudula!"

Kuyambila pamenepo katuni ija inasanduka mlandu, ndipo akuluakulu analowelelapo. Adada amati saonela za ana, koma nthawi ikakwana amakhala pakhomo n'kumakonza njinga yosawonongeka. Iwo ali kumbali ya wa tsitsi la pepo. "Pa onsewa wogwila ntchito ndi uyu yekha," amatelo. "Amalawila, amapanga makina, ali ndi pulani. Enawa munawaonapo liti atagwila khasu? Amadya chiyani, nyimbo?"

Abambo a ku Kasungu amene amatithandiza kumunda amati nkhani yonseyi ndi ya malo. "Nyumba ya pinkiyo anaimanga m'munda wa mayiyu, mungoona mmene akwiyira. Akanapita kwa amfumu bwenzi zitatha kalekale." Amama alibe mbali. Chimawavuta ndi ziuno za zidolezo, zoonda ngati phesi la chimanga. Amati ana amenewo ali ndi njoka za m'mimba ndipo makolo awo ndi osasamala.

Ine ndinafotokoza zimene tinaphunzila kusukulu, kuti makatuni otele amawapanga dala kuti ana alilile zidole za m'sitolo. Ndinalankhula bwino kwambili, ngakhale aphunzitsi akanandiombela m'manja. Amama anati ndikatsuke mapoto. Ndinatsukila pafupi ndi zenela, chifukwa tsiku limenelo chimakina chija chinali pafupi kuphulika.

Ankhazi anafika dzulo kuchokela ku Magodi. Iwo amatsogolela amayi kutchalitchi, ndipo bulauzi yawo yoyela ndi duku loyela amayenda nazo m'pulasitiki yakeyake. Atangoti "Monile mose" n'kukhala pampando, wa pepo uja anauluka pa tivi.

"Chinthu chouluka chopanda mapiko tonse tikuchidziwa dzina," anatelo ankhazi. Kenako anaona kumsana kwa mng'ono wanga, n'kutembenukila kwa amama. "Alamu, chimenechi chimagona m'nyumba muno pamodzi ndi ana? Lamlungu tikaweluka mapemphelo ndichiponya ndekha m'chimbudzi."

Ndinayang'ana adada, amene amachitamanda tsiku lililonse. Anali atalowetsa mutu m'masipoko a njinga. Pamaso pa mlongo wawo wamkulu adada sadziwa chidole chilichonse.

Mng'ono wanga sanalile. Anandilondola kuchipinda, n'kumasula kachitenje, n'kundipatsa mwana wake. "Achemwali, m'chimbudzi muli mdima," anatelo. "Iyeyu amaopa mdima." Apo ndi pamene zoti katuni ndi malonda chabe zinanditheela.

Lelo m'mawa ndinawapatsila ankhazi madzi osamba otentha bwino, n'kugwada.

"Ankhazi, kodi munthu woipa akalapa amatayidwa?"

"Satayidwa, mwana wanga. Amalandilidwa ndi nyimbo."

"Ngakhale amene ankauluka?"

"Makamaka ameneyo. Bola aonekele pamaso pa mpingo, atavala mwaulemu." Anandisisita mutu n'kuuza amama kuti sukulu ikundipindulila.

Masana onse ndakhala kuseli kwa nkhokwe ndi singano. Ndang'amba shati yanga yakale yasukulu, ndasoka kabulauzi koyela ka mkono umodzi ndi kaduku kobisa tsitsi lonse la pepo. Siketi ndadula kumapeto kwa nsalu yakuda ya amama, sanaonebe. Nsidze yokha ndi imene yakana kutsika, ndayesa ndi sopo yemwe. Koma ndaganiza kuti si vuto, chifukwa ankhazi nawonso nsidze yawo imakwela chimodzimodzi kwaya ikasochela nyimbo.

Mng'ono wanga wachiyang'ana nthawi yayitali, n'kufunsa ngati tsopano chizipeleka chopeleka. Ndamuuza kuti dzanja limodzi ndi lokwanila.

Mawa ndilawila kutchalitchi ndi mng'ono wanga, ankhazi asanamalize kusita duku lawo. Tikachikhazika pa benchi ya amayi, pambali penipeni pa malo a ankhazi. Akafika ndi anzawo onse, ndidzagwada n'kubwelezanso funso lija mokweza, kuti ayankhe amayi onse akumva.