Seveni wa Rabia

Zotsatira za mayeso a ku koleji zinamupeza Rabia pamsewu pa Mbulumbuzi, akugulitsa matimati a amalume ake. Atatsegula foni anaona kuti Fizikisi wapeza 31. Pansi pake panalembedwa kuti akalembe sapu, mayeso obwereza aja, pakatha milungu itatu. Akalepheranso, koleji imuchotsa.

Mtsikanayu anali wamasiye, woleredwa ndi amalume akewo, Che Abdulhamid. Kuyambira ku madarasa mpaka folomu 4 anali katswiri woloweza. Tsamba akaliyang'ana kawiri, basi lalowa. Nambala wani inali yake, moti ankayenda ngati anachita kubadwa nayo.

Koma 31 uja sanamupweteke ngati zomwe anaona pa gulupu ya kalasi: Maureen Kalinde, 78.

Maureen wake uti? Yemwe uja wa ku Namitambo, amene ku sekondale ankakwawa m'ma nambala 9 ndi 12, Rabia ali pamwamba. Nsanje inamugwira Rabia. Ndipotu abale, nsanje ikalowa mumtima, pakamwa sipakhala chete. Tsiku lomwelo analembera anzake awiri kuti malikisi enawa sachokera m'mutu, ofuna kudziwa akafunse aphunzitsi a Fizikisi. Linali bodza lamkunkhuniza, iye mwini ankadziwa.

Chomwe chinamugwetsa chinali chamachaji, timadontho tamagetsi tija timene timakankhana tikafanana, n'kumakokana tikasiyana. Lamulo la Coulomb lowerengera mphamvu yake, lija loti mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imachepa kanayi, analiloweza ngati dzina lake. Machaji akakhala awiri, sankachedwa. Vuto linali akakhala atatu.

Funso lina la m'buku linamusowetsa mtendere. Chaji choyamba chikukoka chachitatu ndi mphamvu ya manyutoni atatu, chachiwiri chikuchikoka ndi manyutoni anayi. Rabia ankaphatikiza n'kupeza seveni. Kumapeto kwa buku kunalembedwa faifi. Milungu iwiri yathunthu anabwereza samuyo, seveni osasuntha, mpaka anagamula kuti olemba bukuwo ndi mbuli.

"Kodi m'Chiradzulu monse muno mulibe amene anakhoza zimenezi?" anafunsa Che Abdulhamid.

"Alipo, amalume."

"Nanga wakhaliranji? Njinga si iyo?"

"Kwa ameneyo? Bola ndilephere."

"Lephera, mwanawe. Matimati sakana munthu."

M'mawa mwake Rabia anapalasa njinga kupita ku Namitambo, mtima ukukana njira yonse. Anamupeza Maureen pabwalo akupuntha nandolo, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Zinamuwawanso: munthu wa 78 n'kumaoneka chonchi!

Maureen sanaike ndodo pansi. "Wabwera kudzafunsa komwe malikisi anga anachokera?"

Rabia anayang'ana pansi, manyazi atamugwira. "Ndinanama, Maureen. Zinandiwawa kuti wandiposa. Mpaka pano zikundiwawa."

"Bola wanena wekha. Ine zinandiwawa zaka folo, sindinakusemereko chinyau. Bweretsa funsolo."

Ataliwerenga, Maureen sanatenge cholembera. Anamanga zingwe ziwiri pathumba la nandolo, china n'kumupatsa Rabia.

"Iwe kokera kumsewu uko. Ine ndikokera chopingasa, kumjigo. Tiye!"

Thumba silinapite kumsewu, silinapitenso kumjigo. Linakwekwereka chapakati, kulunjika pakhola la mbuzi.

"Waona? Tikanakokera kumodzi, bwenzi ili seveni yakoyo. Koma machaji a m'funsomu ali pakona, china uku china uko. Iwe umangofunsa kuti mphamvu ndi zingati, osafunsa kuti ikulowera kuti."

Anajambula padothi mivi iwiri yokumana pakona, wina wa mapazi atatu, wina wa anayi, n'kumuuza Rabia kuti ayeze kuchokera kunsonga ya wina kufika kunsonga ya unzake. Rabia anayeza ndi mapazi ake. Anakwana asanu.

Rabia anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Zojambula ankazitenga ngati za ana a pulayimale, ndipo Maureen akamalemba timivi m'kope iye ankamuseka chamumtima.

"Mutu wanga sugwira ngati wako," anatero Maureen. "Ndikapanda kujambula ndimasokera. Chinsinsi changa n'chomwecho, palibenso china."

Masiku asanu ndi limodzi otsalawo Rabia ankapalasa m'mawa uliwonse. Ankapuntha nandolo limodzi, kenako masamu padothi. Anaphunzira kulemba muvi asanagwire kakyuleta. Anaphunziranso kupeza mphamvu yamagetsi pamalo popanda chaji chilichonse, podzifunsa kuti kachaji kakang'ono katayikidwa pamenepo kangakankhidwire kuti. Tsiku lina anaiwala kusintha masentimita kukhala mamita, yankho linatupa ngati chimimba, Maureen anaseka mpaka misozi. Rabia anakwiya, koma m'mawa mwake anabweranso.

Sapu itatuluka, anapeza 64. Malo ake ku koleji anatsala ali ake.

Musaganize kuti nsanje inathera pomwepo. Rabia ataimba foni ku Namitambo, mawu ake oyamba anali oti, "Kwatsala folotini kuti ndikupeze."

"Uzithamanga ndithu," anayankha Maureen. "Ine sindikudikira."

Lero onse awiri ali chaka chomaliza, ndipo akupikisanabe ngati akazi a pamitala.

Inu amene mwagwa, n'kumaona mnzanu amene munkamuderera akukudutsani, ndikudziwa kuti zimawawa. Sindikuuzani kuti musamve nsanje, chifukwa inenso ndimaimva. Koma munthu amene dzina lake limakutsamwitsaniyo mwina ndi yekhayo amene akudziwa pomwe mukulakwitsa. Musataye mtima, ndiponso musadzitsekere m'nyumba ndi funso lanu. Pitani mukagogode pakhomo pake, ngakhale mtima ukukana.