Nyimbo za mayi anga zinamira m'phokoso la kompyuta

Ndivomere poyambirira kuti cholakwa changa chinali kunyoza khutu la munthu wodziwa ntchito yake. Inu owerenga, mwina museka kuti bambo wamkulu akudandaula za kabokosi kachitsulo ka kumbuyo kwa kompyuta, koma tandimverani kaye.

Ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya paesiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Masiku amenewo makompyuta anali atangoyamba kuoneka m'maofesi, ndipo ofesi ya esiteti itagulitsa imodzi yakale, ndinaigula ine. Cholinga changa chinali kujambula mawu a mayi anga. Mayi anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo ali m'mundamo, dengu kumsana, ankaimba nyimbo za Chilomwe zimene anaphunzira kwa makolo awo. Ine Chilomwe ndimangochimva mwa apo ndi apo, ana anga ndiye ayi ndithu. Ndinkaopa kuti nyimbozo zidzapita ndi eni ake.

Kompyutayo inabwera pawa saplai yake ili yakufa. Kameneka ndi kabokosi kolandira magetsi a pakhoma n'kugawira zipangizo zonse zam'kati, ndipo kamakhala ndi fani yoziziritsa. Ndinapempha a Namakhwa, okonza zamagetsi kufakitale, kuti andiperekeze ku Limbe tikagule ina.

Bambo amenewa, abale inu, anali ndi mphatso. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankati akagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pamota, chogwirira chake n'kuika pakhutu, ankadziwa kuti makina akudwala pati asanaime n'komwe. Mabwana ophunzira kunja ankadikira mawu awo. Anali odekha, osadzitama, ovololo yawo yochapa bwino nthawi zonse.

M'sitolo anatitulutsira pawa saplai ziwiri. Ina inali yonyezimira, yopepuka, atalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti mphamvu yake ndi 500. Inayo inali yotuwa, yogwirapo kale ntchito, yolembedwa 300. A Namakhwa anazinyamula m'manja, iyi uku iyi uku, ngati mayi woyesa mavwende pamsika. Kenaka anapempha wogulitsa kuti aziyatse, iwo n'kutsinzina, kumvetsera.

"Aphunzitsi, tengani yolemerayi," anatero. "M'kati mwake muli zitsulo zenizeni, ndipo fani yake ndi yaikulu, imazungulira mosathamanga, siisokosa. Inayi n'chitini chabe, nambalayo n'njokopera anthu."

Ine mumtima ndinati, masamu ndimaphunzitsa ndine, 500 ingachepe bwanji kwa 300? Komanso munthu wa mamota a kufakitale angadziwe chiyani za kompyuta? Ndinatenga yonyezimira ija. Iwo sanalimbane nane. Titafika kunyumba anandiikira bwinobwino, mawaya onse atawamanga mwaudongo, n'kungondilangiza kuti pojambulapo ndiyatsenso wailesi ya kaseti pambali. Nazonso ndinaziona zachikale, sindinaiyatse.

Mayi anabwera kuchokera ku Khonjeni Loweruka lina m'nyengo ya chiperoni. Ataona maikolofoni anaseka, amvekere, "Ndiye kachitsulo aka kamamva Chilomwe?" Atayamba kuimba, tonse m'nyumba tinatchera khutu. Manja awo ankachita kuthyola m'malere ngati ali m'munda. Anaimba za dzuwa la masana, za kapitawo wouma mtima, za kwawo kutsidya kumene makolo awo anachokera wapansi. Mkazi wanga anasiya mbale pakati n'kudzakhala pakhomo. Sindinawamvepo mayi akuimba mokoma chotero.

Fani ya yonyezimira ija inali ikulira pansi pa tebulo, koma makutu anga anali ataizolowera. Titati timvere zomwe tajambula, kunangomveka vuuu ngati chigayo, mawu a mayi ali kutali, pena kumveka pena kuzimirira. Mayi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe, amagayitsa chimanga ndani ine ndikuimba?" Tonse tinaseka. Ndinawauza kuti tidzabwereza akadzabwera pa Khirisimasi, ndipo sindinachite changu chilichonse.

Mvula itayamba, magetsi anazima masana ena n'kubwerera mwamphamvu. Ndinamva kuti thu! kenaka fungo la pulasitiki wopsa. Yonyezimira ija inathera pomwepo. A Namakhwa atamva anabwera ataweruka, chikwama m'manja, n'kutulutsamo yotuwa ija. Anali atabwerera okha ku Limbe kukaitenga n'kuisunga, podziwa kuti tsiku lake lidzakwana. Mawu onditonza sanatulutse ngakhale amodzi. Anaiika, n'kuyatsa, zonse zomwe ndinasunga zinali momwemo. Ndinachita kuyang'ana kanyali kuti nditsimikize kuti kompyuta yayaka, chifukwa phokoso kunalibe. Manyazi anandigwira, koma ulemu umene ndinawapatsa tsiku limenelo ndikadali nawo mpaka lero.

Khirisimasi isanafike, mayi anadwala sitiroko. Anakhala nafe zaka ziwiri, maso ali gwa, koma pakamwa osatulutsa mawu. Tsiku lina ndinawayatsira zojambula zija. Anamvetsera chigayo changa chija, dzanja lawo labwino likuthyola pang'onopang'ono pabulangeti. Ndinatuluka panja kukalira.

Inu owerenga, mukamagula pawa saplai musatengeke ndi nambala kapena kunyezimira. Inyamuleni mumve kulemera kwake, auzeni aiyatse mumve kalilidwe kake, ndipo mukaperekezedwa ndi munthu ngati a Namakhwa, tsekani pakamwa mumumvere. Ngatinso kwanu kuli kholo loimba, lijambuleni sabata ino, ndi chilichonse chomwe muli nacho.

Yotuwa ija ikugwirabe ntchito. Ana anga akafuna kumva agogo awo amakanikiza makutu pasipika, kusaka mawu pansi pa phokoso limene ndinasankha ndekha. Nyimbo zikatha, kompyuta imangokhala chete, chete weniweni woyenera kujambulira, koma woimba palibe.