Malamulo Amene a Orval Analemba Okha

A Orval Lindqvist ndi munthu wouma mutu kuposa aliyense amene ndakumana naye, ndipo ndikunena izi ndikuwakonda. Anagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi kwa zaka 38 kuno ku Saskatchewan m'dziko la Canada, m'chisanu chathu chija choumitsa nsidze. Atapuma pantchito sanasiye kukwera. Kuseri kwa nyumba yawo anaimika mlongoti wa wailesi wautali kuposa tchalitchi, ndipo ali ndi zaka 79 tinkawaonabe ali pamwamba pake, sipanala kukamwa, akutukwana mphepo.

Ine ndine Marlys, ndinkayendetsa basi ya ana asukulu. A Orval ndi amene anandiphunzitsa za wailesi, mondikalipira kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Pano ndili ndi zaka 63 koma amanditchabe "mtsikana iwe".

Bungwe lathu ndi la anthu okonda kulankhulana pa wailesi zawozawo: alimi, aphunzitsi opuma, amakanika. M'mawa uliwonse 7 koloko ndimatsegula wailesi n'kuyamba kuitana mamembala mmodzimmodzi, aliyense ndi zilembo zake. Za a Orval ndi T ndi L, zimene pa wailesi timatchula kuti Tango Lima. Munthu amayankha kuti alipo, n'kunena mmene kwachera kwawoko, basi. Wina angati n'zachibwana, koma mafamu athu ndi otalikirana, ndipo amene sanayankhe timamutumira munthu wokagogoda. A Orval anayankha m'mawa uliwonse kwa zaka 41. Ngakhale tsiku loika maliro a akazi awo ndinawamva: "Tango Lima, ndilipo, mphepo ikuchokera kumpoto." Kenako anavala jekete n'kupita kutchalitchi.

Malamulo a bungwe analemba ndi iwowo, pa makina akale otaipira osowa chilembo chimodzi. Gawo 9 limati amene sanamveke masiku 30 otsatizana achotsedwe pamndandanda, ndipo pamsonkhano alibe voti. Gawo 14 analiwonjezera intaneti itafika: pasapezeke ndalama ya bungwe, kaya yosonkha kaya yamphatso, yopita ku intaneti. Ndikukumbukira mmene anaimirira tsiku limenelo.

"Wailesi ndi waya, mlongoti ndi mphepo," anatero. "Amene akufuna intaneti akagule foni azikachezera zibwenzi."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse, Mulungu andikhululukire.

Ndiye tinatsala ndi zaulere. Pali kampani ina imene ili ndi makina olumikiza mawu a pa intaneti ndi wailesi yathu, ndipo imatipatsa malo 20 osalipira. Poyamba ankakwana, chifukwa ankagwiritsa ntchito ndi anzathu ochepa amene amathawira ku Arizona, dera lofunda la ku America, chisanu chikayamba. Pano tonse takalamba. Ena ali kwa ana awo, ena m'mafulati moletsa milongoti, ndipo olimbirana malo 20 aja apitirira 60. Khomo limatsegulidwa 6:50, mphindi imodzi isanathe kwadzaza.

Mu Novembala a Orval anagwa. Osati pamlongoti ayi, pasitepe ya kukhitchini, zinthu zake! Chiuno chinathyoka, manja anali atayamba kale kunjenjemera, ndipo mwana wawo anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba mumzinda, ulendo wa maola atatu kuchokera kuno. Kumeneko wailesi yathu sifika. Mlongoti salola, ngakhale kawaya kapawindo.

Ndinawagulira tabuleti, kakompyuta kam'manja kolowera pa intaneti. Anaiyang'ana ngati ndawabweretsera khoswe wakufa.

"Chotsa chimenecho pabedi panga."

"Mungodina apa, a Orval. Mudzatimva tonse, ifenso tidzakumvani."

"Ndati chotsa."

Sindinachotse. Patatha masiku anayi foni yanga inalira nditangomaliza kuitana mayina.

"Mtsikana iwe, kanthu kako aka kakuti kwadzaza. Kwadzaza chiyani?"

Ndinawafotokozera. Anati mawa adzafulumira. Koma munthu afulumira bwanji chala chikupita kumene iye sakufuna? Akati adine apa, chadina apo. Pomabwerera, anzawo a ku Arizona akhala kale phee ndi khofi wawo. M'mawa uliwonse ndinkaitana Tango Lima katatu, kuli zii, kenako foni. Sabata yachitatu anasiya kukalipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Ankangofunsa kuti, "Kaya mnzanga Wendell wayankha? Kwawoko kwagwa sinowo wochuluka bwanji?"

Palibe chimene sindinayese. Ndinapempha a ku Arizona kuti wina asiye malo. Mayi wina anasiyadi, koma analowapo ndi munthu wina a Orval asanapeze n'komwe podina. Ndinachonderera namwino, iye n'kundiuza kuti nthawi imeneyo amakhala akudyetsa anthu 40. Ndinaimbira kampani ija, iwo anati malo 100 alipo, bola bungwe lisaine n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Kuwerengera kwake, membala aliyense akanangowonjezera madola 8 pachaka, mtengo wa khofi ndi madonasi awiri. Ndinathamangira kwa wapampando wathu, a Gaétan Dufresne, ndi cheke changa m'manja.

"Ndilipira ndekha chaka chonse."

"Gawo 14, Marlys. Ngakhale mphatso. Ukudziwa amene analemba."

"Ndiye tingowasiya afe ali chete?"

"Bweretsa nkhaniyi kumsonkhano wa Januwale. Ukapeza awiri mwa atatu aliwonse, lamulo lisintha."

Masiku ankapita. Litakwana tsiku la 29 a Orval osamveka pa wailesi, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo: ndinachonga m'buku la mayina kuti Tango Lima wayankha. Mawa lake ndinachonganso. Ndinalibe nazo manyazi ndipo mpaka pano ndilibe.

Tsiku la msonkhano ndinanyamuka m'mamawa kukawatenga. Anali atachepa, kolala ya shati ikuzungulira khosi, koma tayi anamanga okha. Msonkhano timachitira m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Lutheran, ndipo amuna anayi anawatsitsa masitepe ndi njinga yawo ya olumala. Tinalipo anthu 30 ndendende. A ku Arizona sakanavota, chifukwa voti ndi ya amene wabwera ndi thupi lake. Lamulo limenelonso ndi la a Orval.

Nditamaliza kufotokoza, a Wendell Krahn, mlimi wa tirigu amene wakhala mnzawo wa a Orval kuyambira ali anyamata, anaimirira.

"Ine zandizunguza mutu. Orval, si iwe unatiuza kuti wailesi ndi waya, mlongoti ndi mphepo? Kapena wapeza chibwenzi kumeneko?"

Ena anaseka. Ine ndikanakhala pafupi ndikanawathira khofi.

"Ndinanenadi," anayankha a Orval. Mawu awo anali otsika moti anthu anasiya kutafuna. "Ndinanena ndili ndi miyendo. Wendell, kumene ndili kuja kuli wailesi yakanema yosazima, ndi munthu wina amene amanditcha dzina la mchimwene wake. Palibe amene amandifunsa kumene mphepo ikuchokera. Ndimadzuka 5 koloko, ndimameta, ndimakhala pampando ndi kanthu kaja pamiyendo, ndiye kamandiuza kuti kwadzaza. Sindinapemphepo kanthu kwa aliyense wa inu. Lero ndikupempha. Ndinalakwitsa, ndithandizeni."

A Wendell anakhala pansi osayang'ana munthu. Komabe povota sanakweze mkono, ndipo enanso asanu ndi anayi anapinda manja, ati lero madola 8, mawa tidzagulitsa milongoti. A Gaétan anawerenga mikono kawiri.

"Ovomera 20 mwa 30. Awiri mwa atatu ndendende. Zatheka."

Ndinakuwa ngati mwana. Ndinali nditagwira kale foni kuti ndiimbire kampani ija pamene ndinaona mkono wa a Orval udakali m'mwamba, ukugwedezeka.

"Tsitsani, a Orval, tawerenga kale," ndinatero.

"A wapampando, ndili ndi funso. Marlys, ndinamveka liti komaliza?"

"Buku likuti mwakhala mukuyankha."

"Sindikufunsa buku. Ndikufunsa iwe."

"A Orval, chonde."

"Pa 8 Novembala," anadziyankha okha. "Masiku 30 anakwana kalekale. Gawo 9. Ine si wa pamndandanda, voti yanga musaiwerenge."

"Palibe amene wadandaula, Orval," anatero a Gaétan, mawu ali pansi.

"Ndadandaula ine. Ndinachotsapo anthu asanu ndi awiri ndi lamulo limeneli. Mmodzi anali m'chipatala, mkazi wake anandilirira pafoni, ine osasintha. Ndiye lero lipindike chifukwa lafika pa ine?"

Ndinagwada pambali pa njinga yawo, anthu onse akuona. Ndinawauza kuti angokhala chete mphindi imodzi yokha. Ndinawatchula chitsiru cha nkhalamba. Anandigwira paphewa ndi dzanja lonjenjemera lija n'kunena kuti, "Ndinakuphunzitsa kulemba zimene wamva, mtsikana iwe, osati zimene ukufuna kumva."

A Gaétan anawerengeranso papepala. Ovomera 19 mwa 29. Sizinakwane. Ndinayang'ana a Wendell kuti mwina anena kanthu, koma anali akuyang'ana chipewa chawo, ndipo malamulo salola kuvota kawiri nkhani imodzi chaka chisanathe. A Orval ali ndi zaka 84.

Pobwerera sitinalankhulane maola atatu onse. Ndinali nditakwiya moti ndinkaopa kutsegula pakamwa. Titafika, namwino akuwalowetsa, a Orval anatembenuka.

"Batire ya kanthu kaja imatha msanga. Undiikire pamoto usanapite."

M'mawa mwake ndinakhala pa wailesi ndi mndandanda watsopano. Pakompyuta yanga ndimaona amene alowera pa intaneti, ndipo malo onse 20 anali atadzaza monga mwa masiku onse. Pansi pake pali kabokosi kosonyeza amene ayesa kulowa n'kukanidwa. Ndinali ndisanakayang'anepo bwinobwino. Munali dzina limodzi lokhalokha, mzere ndi mzere: Tango Lima 6:51, Tango Lima 6:53, Tango Lima 6:54, Tango Lima 6:58.

Ndinayamba kuitana. A Wendell anayankha kuti alipo, kwawo kukuzizira, mawu ali okhwinyata. Nditafika pamalo pamene pankakhala a Orval ndinaima. Kabokosi kaja kanawonjeza mzere wina, 7:06.

Ndinadina maikolofoni. "Tango Lima, ndakuonani," ndinatero. "Mphepo ikuchokera kumpoto."

Iwo sanandimve, chifukwa kunali kodzaza.