Mphaka Wanga ndi Nkhunda za Apongozi

Mphaka uja ndinamutenga chifukwa cha makoswe, koma mtima wake unali pa mbalame. Ine ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu, chakuseri kwa msika wa pa boma ku Mangochi, ndipo ndikakhala pa makina ndimaona kadimba kanga konse: mpiru, tomato ndi mtengo wa papaya umene apumbwa anausandutsa wawo. Mphakayo ankagona pansi pa makinawo ngati wakufa. Mpheta ikangotera pa mpanda, khutu limodzi linkayamba kudzuka. Kenako ankakwawa, mimba ili pansi, nsonga ya mchira yokha ikugwedera, chibwano chikunjenjemera ngati wagwidwa malungo. Akaigwira ankadzaiika pa phazi langa, ine n'kumukalipira, iye n'kumadzinyambita osandilabadira. Ndinkamukonda, ndisaname.

Nkhunda zinabwera ndi apongozi anga. Anachoka nazo kwa Mponda pa kabaza, yaimuna ndi yaikazi, amuna anga atangobwerako ku Joni kumene anakhalitsa. Khola anaimirira okha polimanga, n'kulamula kuti mizati yake ikutidwe ndi malata kuti mphaka asakwere.

"Nkhunda ndi mboni, mwananga," anandiuza. "Pakhomo pa mtendere zimaswana. Pakhomo pokangana zimasamuka, olo muzithirira mapira m'mawa ndi madzulo."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti kuno zidzadzaza khola. Zinaswanadi, mpaka denga lathu linkachita kuyera nazo.

Koma amuna anga anabwera ndi foni imene ikalira ankakayankhira kuseri kwa khitchini. Ndinafunsa, anandiyankha za mwano, ndipo moto unayaka. Sitinkakuwa ayi. Ine ndinaleredwa kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo. Tinkatseka chitseko n'kumalumana ndi mawu otsika, mano ali gwa, kenako n'kutuluka kukapereka moni kwa anthu tikumwetulira. Lamulungu tinkapita kutchalitchi titavala nsalu yofanana, yosoka ine ndemwe.

Nkhunda zinayamba kuchepa. Mphaka ankaziyang'ana, inde. Ankakhala pansi pa khola masana onse, khosi lili m'mwamba. Nthawi zina ankalumphira mzati, zikhadabo n'kulira pa malata, iye n'kutsetsereka, n'kumachoka mwaulemu ngati palibe amene wamuona. Zikatera pansi ankazithamangira, koma nkhunda zinali zomuchenjerera. Komanso ntchito ya mphaka wanga ndinkaidziwa. Pamene wadyera mbalame pankatsala nthenga mbwee, timiyendo ndi kamlomo. Nthenga ya nkhunda sindinaionepo ngakhale imodzi.

Apongozi atabwera kudzationa sanayambe n'kukhala pansi. Anaima pa khola, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Zapita kuti nkhunda, mwananga?"

"Ndi mphakayu, amayi. Watha nkhunda zanu."

Anayang'ana pansi, kuzungulira khola lonse. "Nanga nthenga zake?"

"Ndimasesa m'mamawa."

"Aa, chabwino. Ndiye mphakayo achoke, pakuti ndi iye."

Amuna anga anali pomwepo, akupukuta nsapato, ndipo anavomereza msangamsanga. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri tinagwirizana chinthu chimodzi. Ndinamuika mphaka m'thumba la ufa, n'kumukweza minibasi yopita kwa mlongo wanga ku Namwera. Analira m'thumbamo mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndili ndi chifundo. Ndinabwerera kunyumba ndikuti nkhani yatha, manyazi ndawakwirira.

Mpheta zinasangalala. Zinkatera mpaka pa tebulo la makina, n'kumajompha ulusi wanga. Koma nkhunda zinapitiriza kuchepa, mphaka kulibe. Ndinayesa kuzithirira madeya ndi mpunga, ndinasintha madzi, ndinatsuka khola. Zinatsala ziwiri, kenako khola linangoti zii.

Apongozi anabweranso Loweruka lina. Ndinawayalira mphasa pakhonde, mowafulatitsa ku khola, ndikuganiza kale zoti ndinene za akabawi. Tisanamalize n'komwe moni tinamva odi. Anali mayi wina wa kuseri kwa mzikiti, wokazinga nsomba, amene ndimamusokera zovala za pa Idi. Anali atasenza dengu lovindikira ndi chitenje, ndipo m'katimo munkamveka kulira kwa nkhunda.

"Achemwali, izi n'zanu," anatero akulitula. "Ndagwirako izi zokha, zina zakana. Zakhala zikubwera kwathu pang'onopang'ono chiyambire dzinja, mpaka zaikira mazira m'khola mwathu. Bambo akunyumba akuti chinthu cha mwini n'cha mwini, tisadye haramu."

Analankhula ndi mtima woyera, mayi uja, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanakhala wonyoza ndikanapeza pomuyankhira. Maso ndinawakhomera pa mphasa. Ndinkadziwa kuti iye akudziwa tanthauzo la nkhunda zosamuka, monganso aliyense amene anamuona akudutsa ndi dengulo mumsewu.

Apongozi anatukula chitenje pang'ono, n'kusuzumira, n'kuvindikiranso.

"Zikomo, mayi, Mulungu akudalitseni. Koma bwererani nazo. Zasankha zokha pokhala."

Mayi uja anasenzanso dengu lake n'kutsanzika mwakachetechete. Atapita ndithu, apongozi anandigwira dzanja. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Mphaka uja mumuitanitse, analibe mlandu," anatero. "Tsopano pitani mukamuitane mwana wanga. Mudzakhale apa nonse awiri, mundiuze chimene chikudya nkhunda pakhomo pano."

Ndinadzuka, n'kulowa m'nyumba kukaitana amuna anga.