Inchi Imodzi Pamkono wa Telala

Tsiku limene anagwetsa amayi ake kubafa, telala wina wamkazi sanalire msanga. Anangokhala pasimenti yonyowa, mutu wa amayi akewo uli pamiyendo pake, sopo akuyandama m'beseni. Amayiwo anali atafa ziwalo mbali imodzi chaka chapitacho, ndipo kuwanyamula inali ntchito yake, poti ankakhala awiriwiri. Tsiku limenelo manja anangoti lefu. Anayesa kuwadzutsa kawiri, katatu, koma zinakanika, mpaka mayi woyandikana naye nyumba anamva kuitana.

"Usadandaule mwanangu," anatero amayiwo, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa. "Ndine ndalemera."

Sanali olemera ayi. Anali ataonda moti diresi linkangolendewera. Zimenezo ndiye zinamupweteka mtima kwambiri.

Inu amene mukuwerenga, mukanamuona mayiyu mukanati munthu wathupi chonchi sangasowe mphamvu. Anthu ambiri ankatero. Koma chiyambire utsikana wake, mahomoni ake, timadzi toyendetsa thupi, sankayenda bwino. Kumwezi ankapita pamene thupi lafunira, mwina kawiri pachaka. Ankangonenepa ngakhale adye pang'ono, kutopa kosatha. Pachibwano pankamera tsitsi lolimba, ndipo Lamlungu lililonse masana, asanadwale, amayi ake ankamukhazika pawindo n'kumamuzula limodzilimodzi ndi kachitsulo, uku akumusimbira nkhani za eni ake kuti aiwale kuwawa.

Pabanja anakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, mwana osabwera. Tsiku lochoka, mwamuna wake anaima pakhomo chikwama chili m'manja n'kunena kuti, "Ndikakuyang'ana iwe ndimangoona ngati ndinakwatira mwamuna mnzanga." Munthuyo anapita, koma mawu ake anatsala m'nyumba. Ankadzuka nawo, ankagona nawo.

Atamva za kugwa kuja, achimwene ake anabwera nkhope ili gwa.

"Ukawagwetsanso ndiwatenga akakhale kwathu. Sindikukuopseza, ndikungokuuza."

Kwawoko onse ankachoka m'mawa kubwera madzulo, ndipo chipinda chimene chinalipo chinali chakumbuyo, chopanda windo. Achimwenewo atatuluka, amayi anamugwira chala ndi dzanja lawo labwino lija.

"Usandipereke, mwanangu. Kumeneko ndikafera mumdima."

Sabata yomweyo telalayo anali ndi tsiku lake kuchipatala. Adokotala anayang'ana mapepala n'kunena kuti shuga wayamba kukwera. "Mankhwala ndikupatsani mayi, koma kuwonjezera apo yambani kunyamula zitsulo. Zimathandiza thupi ngati lanuli, komanso mupeza mphamvu zimene mukusowazo."

"Adokotala, ndevu ndili nazo kale. Mukufuna ndimerenso akatumba?"

Adokotala anayamba kuseka, koma ataona kuti mayiyo misozi yalengeza, anasiya. Anamufotokozera kuti akatumba akuluakulu samera mwangozi, eni ake amawavutikira zaka. Iye anangogwedeza mutu. Mumtima ankati zimenezo n'za akazi enawo, osati iye amene thupi linayamba kalekale kumuchita chipongwe.

Komabe anapita kujimu, kumalo onyamulira zitsulo, chifukwa cha chipinda chopanda windo chija.

Jimuyo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Masitepe ake anali opapatiza, m'katimo munkanunkha thukuta ndi labala, galasi lapakhoma linali long'aluka pakona. Akochi, ophunzitsa pamalopo, anali mayi wamfupi wa imvi zapatalipatali, wolankhula ngati akukukalipira ngakhale akukupatsa moni. Telala uja ankapita m'mamawa, mayi woyandikana naye uja akudikirira odwala, iye atavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji.

Tsono telala sayenda wopanda tepi. Akangotsika masitepe aja, ankathamangira ku kashopu kake, n'kukoka katani, n'kudziyeza mkono. Nambalayo ankailemba ndi choko pakhoma kuseri kwa makina osokera, pamene ankalembapo miyezo ya makasitomala. Sabata yoyamba anadziuza kuti tepi yapendekeka. Sabata yachitatu, atanyamula zitsulo zolemererapo, tepi inaonetsa theka la inchi kuposa poyamba.

Anakhala pampando n'kulira ngati wamva uthenga wa maliro. Mawu a mwamuna uja anabwerera onse. Kujimu sanapitenso.

Masabata awiri otsatirawo, kubafa amayi sanapite. Ankangowapukuta ndi kansalu pabedi, poopa kuwagwetsa. Amayiwo sanadandaule, ankangoyang'ana kuwindo kumene dzuwa linkadutsa osawafika. Mwana wawo ankaona zonsezo ndipo manyazi ankamudya.

Lachinayi lina masana akochi anatulukira kushopu ndi thalauza lofuna kupinda m'munsi. Maso awo anagwera pa manambala a choko aja.

"Kasitomala ameneyu ali ndi mkono wokhawokha? Chiuno alibe?"

Telala anayang'ana pansi. Kenako anaulula zonse, za ndevu, za mwamuna, za theka la inchi.

"Mumayeza nthawi yanji?" anafunsa akochi.

"Ndikangochoka kwanuko."

"Inu atelala inu! Munthu atabwera kuno atangodya kumene, mimba ili ndendende, mungamuyeze m'chiuno n'kudula nsalu?"

"Ayi, siketiyo ikhoza kudzakula."

"Nanga mkono wanu mukuuyezeranji utangogwira kumene ntchito? Umakhala utafufuma, magazi atadzaza, pakapita maola umabwerera. Tayezani pano ndione."

Telala anakulunga tepi pamkono. Nambala inali ya tsiku loyamba yomwe ija. Telala wa zaka makumi awiri pamakina, woti sakanalola zoterozi pansalu ya munthu, anali atadziyeza molakwika masabata atatu athunthu. Anafuna kuseka, koma akochi anali asanamalize kulankhula.

"Koma sindikunamizani. Mukalimbikira, mwina inchi ina idzabweradi. Tsono mundiuze, mkonowo mukuusungira ndani? Amene anachoka kale uja, kapena amene akukudikirani pabedi?"

Akochi atapita, telala anatenga kansanza konyowa n'kufufuta khoma lonse.

Kubwererako sikunali kophweka. Masiku ena ankafika ali wolefuka moti chitsulo chaching'ono chomwe chinkamukana. Anyamata ena ankanong'onezana akamadutsa. Akochi anamuphunzitsa kunyamula ndi miyendo osati msana, kukumbatira katundu pafupi ndi chifuwa, kupuma asanadzuke. Anamupatsa thumba la mchenga lolemera ngati munthu kuti azilinyamula kuchoka pabenchi kukaliika pabenchi ina. Iye akalikumbatira ankaliuza chamumtima kuti, gwirani khosi langa amayi.

Patatha miyezi inayi achimwene ake anabwera ndi galimoto kudzawatenga amayi, mpando wakumbuyo atayalapo bulangete. Mlongo wawoyo sanatsutsane nawo. Analowa kuchipinda, anapinda mawondo, analowetsa mkono umodzi kumsana kwa amayi, wina pansi pa miyendo, n'kudzuka. Anadutsa nawo amayi pabalaza, pamaso pa achimwenewo, mpaka kukawakhazika pakhonde padzuwa. Sanapume wefuwefu n'komwe. Achimwene anaima kanthawi, kenako anapita kugalimoto kukatenga bulangete lija n'kudzawafunditsa amayi miyendo.

Amayiwo anatsinzina, nkhope ataloza kudzuwa. Kenako dzanja lawo labwino linapapasa mkono wa mwana wawo, n'kukwera mpaka pachibwano.

"Zakulatu izi. Bweretsa kachitsulo kaja."

Amayiwo anayesa ndi dzanja labwinolo, lamanzere, koma kachitsuloko kankangowapulumuka. Tsitsi ngakhale limodzi silinazuke. Anaseka onse awiri mpaka kuseka kunasanduka kulira.

"Zisiye," anatero amayi. "Ndiwe mwana wanga wamkazi. Ndinakubereka ndine, amene akutsutsa abwere adzandifunse."

Amayi anakhala ndi moyo miyezi ina isanu ndi itatu. M'mawa uliwonse ankanyamulidwa kupita kubafa, kuchoka kubafa kupita padzuwa, ndipo sanagwenso ngakhale kamodzi. Anamwalira m'mawa wina pakhonde pomwepo, mutu atatsamira paphewa la mwana wawo.

Sindikuuzani kuti zonse zinakhala bwino, ndingakunamizeni. Shuga anatsika, tulo tinayamba kubwera, koma tsitsi lapachibwano likumerabe, mwana sanabwere, ndipo nyumba ija tsopano ili zii. Pali masiku amene amadzuka n'kulunjika kuchipinda kuja, manja atakonzeka kunyamula, n'kupeza bedi loyala.

Pokonzekera maliro anatulutsa diresi lake lakuda lakale. Manja a diresilo, aafupi, anathina. Anatenga tepi imene anali asanadziyezere chichokere tsiku la akochi lija, ndipo inaonetsa kuti mkono wawonjezera inchi imodzi yathunthu. Anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Inchi imeneyo ndi imene inawapatsa amayi ake dzuwa la miyezi isanu ndi itatu. Anatenga lumo, anasosola msoko, n'kuwonjezera nsalu. Kumanda anaima mkono uli pamtunda, osaubisa.

Mlongo wanga, mwina nawenso thupi lako linakuchititsa manyazi, ndipo pali mawu a munthu wina amene umadziyezera tsiku ndi tsiku. Pita kuchipatala ukamve za thupi lako, ndipo akakuuza kuti limbitsa thupi, usaope mphamvu zako. Chovala chikathina timakulitsa chovalacho, sitichepetsa munthu. Pali wina amene akudikira mikono yakoyo, mwinanso ndiwe mwini. Dzuka, pinda mawondo, nyamula. Usataye mtima.